ZA PA KHOMO PATHU: Makatani a Mizeremizere Osaboola M'thumba



Munthu woyenda madzulo masiku ano amaona zinthu zimene kale sankaziona. Nthawi imene tonse tinkadalira koloboyi, kuwala kwake kunkathera pa mphasa pomwepo, ndipo wodutsa panja sankazindikira kanthu. Lero nyumba zambiri zili ndi babu la magetsi kapena nyali ya sola, kotero kuti zenera lopanda chotchinga limaonetsa banja lonse kwa aliyense wodutsa m'njira: ndiwo imene ili m'mbale, pamene pakhala wailesi, ngakhalenso mwana wamkazi amene akusintha zovala. Chifukwa chake n'chakuti munthu amene ali pa mdima amaona bwino za powala. Usana, wa m'nyumba ndiye amaona panja. Usiku, wa panja ndiye amaona m'nyumba. N'chifukwa chakenso nsalu ya lesi, imene usana imabisa bwino, usiku sibisa kanthu.

Ambiri a ife vutoli timalithetsa mwachidule. Wina amakhomera chitenje pa zenera ndi misomali iwiri, n'kudzachichotsa tsiku limene mwini wake akufuna kuchivala. Wina amamata nyuzipepala pa galasi, nyumba n'kukhala ya mdima usana wonse. Winanso, akamva kuti a chinkhoswe akubwera, amathamangira katapila nakagula makatani a m'sitolo. Alendo amapita kwawo, iye natsala akubweza ngongole miyezi itatu. Sitikuseka aliyense, pakuti chitenje cha misomali iwiricho chidakhalapo nthawi yaitali pa zenera lathu lomwe. Koma tikufuna tionetsane njira ina, imene imafuna ndalama zochepa ndi kudekha kwambiri.

CHIFUKWA CHIYANI MIZERE?

Mizere ndi bwenzi la munthu amene nsalu yamuperewera. Taganizani kuti muli ndi nsalu ziwiri, ina yabuluu, ina yoyera, ndipo palibe imene ikukwana pa zenera payokha. Mukazilumikiza pakati n'cholinga chongokwaniritsa, aliyense adzaona chigamba. Koma mukazidula m'zidutswa zofanana ndi kuzisoka mosinthanitsa, yabuluu, yoyera, yabuluu, msoko womwe uja umene ukadakuchititsani manyazi umasanduka chokongoletsa, ndipo mlendo amafunsa kuti mudagula kuti.

Komatu walira mvula walira matope. Nsalu ya maluwa imakhululukira wosoka, pakuti mpendero ukakhota pang'ono maluwa amaubisa. Mizere sikhululuka. Mzere ukapendekeka ndi chala chimodzi, mlendo amauona asanapereke n'komwe moni. Chotero pa ntchito imeneyi mbali yaikulu imachitika singano isanalowe mu nsalu: kusankha, kuchapa, kuyeza ndi kudula. Amene achita zinayi izi mofatsa, kusoka sikudzamuvuta.

Ena amafunsa kuti mizere iimirire kapena igone. Anthu ambiri amati yoimirira ndiyo imatalikitsa chinthu, koma katswiri wa ku Germany, Hermann von Helmholtz, adaonetsa m'chaka cha 1867 kuti chinthu cha mbali zinayi zofanana chikalembedwa mizere yogona chimaoneka chachitali kuposa chinzake cha mizere yoimirira. Ife tikulangiza yogona pa chifukwa chinanso: katani ikadzikundika pa ndodo, mizere yoimirira imabisala m'makwinya, pamene yogona imaonekabe yonse kuchokera mbali ino kufikira mbali inayo.

KUSANKHA NSALU

Tinene choona poyamba: ngati mukagula nsalu yatsopano ya mitundu iwiri m'sitolo, simupulumutsa ndalama zambiri, popeza msoko uliwonse umadya nsalu. Kutsika mtengo kwa makatani amenewa kumachokera ku nsalu zimene zilipo kale pa nyumba, kapena zopezeka motsika mtengo. Zoposa zonse ndi nsalu zoyala pa bedi, zija timati mabedishiti, za pa kaunjika. Pogula, itambasuleni ndi kuiyang'ana moloza ku dzuwa. Pamene papyapyala padzawala kuposa ponse, ndipo kawirikawiri ndi pakati, pogona munthu. M'mbali mumakhala mukadali molimba. Zidutswa zotsala kwa atelala nazonso n'zothandiza, ngati mwapempha mwaulemu kapena mwagula pa mtengo wogwirizana.

Nsalu ziwirizo zikhale za mtundu umodzi ndi kulemera kofanana. Thonje liyende ndi thonje linzake. Mukalumikiza thonje ndi poliyesitala, tsiku lochapa thonje lidzafupika pamene poliyesitala adzakhala chikhalire, ndipo msoko wonse udzachita makwinya osamva simbi. Nsalu yolemera ikasokedwa pansi pa yopepuka imaikoka ndi kuipotoza.

Ngati mwasankha kugula yatsopano, funsani wogulitsa ngati akuyeza ndi mita kapena yadi. Yadi ndi masentimita 91 okha, pamene mita ndi 100. Wogula mayadi 4 poganiza kuti ndi mamita 4 amafika kunyumba ataperewera masentimita 34, ndiwo mzere wathunthu ndi theka.

CHAPANI MUSANADULE

Pano tiulule cholakwa chathu, kuti wina asadzachibwereze. Makatani athu oyamba tidawadula tsiku lomwe tidagula nsalu, chifukwa cha changu chofuna kuwaona pa zenera. Adakongola miyezi iwiri. Tsiku loyamba kuwachapa, utoto wofiira udalowa m'mizere yoyera, ndipo atauma tidapeza kuti afupika, pansi pa zenera patatsala mpata wolowa dzanja. Safunsa adadya phula. Tikadafunsa agogo a pa nyumba yoyandikana nafe, akadatiuza zimenezi kwaulere.

Nsalu ya thonje yatsopano imafupika ikalowa m'madzi koyamba, pakuti ulusi wake umakhala utakokedwa kwambiri pa makina oombera, ndipo ukanyowa umabwerera. Tsono chapani nsalu iliyonse payokha, m'madzi ofunda ndi sopo. Yakudayo muitsukuluze kufikira madzi atatuluka oyera. Kenaka yesani motere: nyowetsani ngodya yake, ikani kansalu koyera pamwamba, ndi kusindikiza ndi simbi yotentha. Kansaluko kakatenga utoto, ndiye kuti nsaluyo sinakonzeke kukhala pafupi ndi yoyera. Ichapeninso, ndipo ikakanikabe, ipezereni ntchito ina. Zikauma zonse, zisiteni bwino, chifukwa nsalu yamakwinya imanamiza tepi yoyezera.

MASAMU A ZENERA

Anyamata ndi asungwana a sukulu, apa ndi panu. Tengani tepi, pensulo ndi pepala, ndipo tiyese ndi zenera la masentimita 90 m'lifupi ndi 120 m'litali. La kwanu likasiyana, njira yake ndi yomweyi.

Ndodo yopachikapo ipitirire zenera ndi masentimita 10 mbali iliyonse, kuti wa panja asasuzumire cha m'mphepete. Motero ndodo idzakhala ya masentimita 110. Katani yofanana ndendende ndi ndodo imaoneka ngati chinsalu chongokhomera. Kuti igwe bwino, m'lifupi mwake mukhale ngati ndodo imodzi ndi theka, ndiwo masentimita 165, kapena tingoti 170. Tigawe pawiri kuti tizitsegula pakati: katani iliyonse ikhala ya masentimita 85. Tionjeze masentimita 4 mbali iliyonse a mpendero, ndipo tipeza kuti chidutswa chilichonse tidzachidula cha masentimita 93.

Tsopano kutalika. Ndodo ikhale masentimita 10 pamwamba pa zenera, ndipo katani itsike masentimita 10 kupitirira pansi pake. Zonse pamodzi ndi 140. Nambala imeneyi imagawika bwino m'mizere 7 ya masentimita 20. Sankhani nthawi zonse mizere yosagawika pawiri, monga 5, 7 kapena 9, kuti wa pamwamba ndi wa pansi ukhale wa mtundu umodzi. Mtunduwo ukhale wakudawo, popeza pansi ndi pamene pamafika fumbi ndi manja a ana.

Msoko uliwonse umadya sentimita imodzi ndi theka ku chidutswa chilichonse. Chotero mizere 5 ya pakati idulidwe ya masentimita 23. Wa pamwamba udulidwe wa 30, kuti pakhale popinda polowa ndodo, ndipo wa pansi wa 32, kuti pakhale mpendero wolemera. Mukaphatikiza, katani imodzi ifuna masentimita 108 a nsalu yakuda ndi 69 a yoyera; makatani awiri afuna 216 ndi 138. Wogula m'sitolo atenge mamita awiri ndi theka a yakuda, ndi mita imodzi ndi theka ya yoyera, kapena kupitirirapo pang'ono, pokumbukira kufupika kuja. Koma bedishiti yaikulu, yoposa masentimita 186 m'lifupi, imatulutsa zidutswa ziwiri pa kudula kumodzi, kotero kuti mabedishiti awiri abwino angathe kuveka mazenera awiri otere.

KUDULA NDI KUSOKA

Musakhulupirire m'mphepete mmene adadula wogulitsa, pakuti kawirikawiri mumakhala mokhota. Tsomphulani ulusi umodzi wopingasa pafupi ndi kumapeto kwa nsalu, muukoke pang'onopang'ono mpaka utuluke wonse; kanjira kamene watsala ndiwo mzere woongoka weniweni, ndipo sizasi itsate pamenepo. Nsalu yodulidwa mosemphana ndi ulusi wake imapotoka ikapachikidwa, ngakhale idasokedwa ndi telala wodziwa.

Dulani katoni wolimba wa masentimita 23 m'lifupi, akhale muyezo wa mizere yonse ya pakati. Tepi imanyenga dzanja likatopa, koma katoni sasintha. Lembani ndi choko kapena kachidutswa ka sopo wouma, nsalu ili chigonere pa tebulo kapena pa simenti yosesa bwino, ndipo wina agwire mbali inayo. Mutu umodzi susenza denga: bambo amene agwira nsalu madzulo amodzi sadzatsika ulemu, ndipo adzadziwa mtengo wake wa chimene chapachikidwa m'nyumba mwake.

Yalani zidutswa zonse pansi monga mmene zidzakhalire, makatani awiriwo moyandikana. Posoka, nkhope za zidutswa ziyang'anane, muzigwirizitse ndi mapini kapena ndi ulusi wa misoko italiitali. Msoko woyamba muuyambire kumanja, wachiwiri kumanzere, wachitatu kumanjanso. Mukayambira mbali imodzi nthawi zonse, nsalu imakokekera komweko ndipo katani imapindika ngati uta. Msoko uliwonse ukatha, usiteni pomwepo, milomo yake yonse iwiri muigonekere ku mzere wakuda. Mukaigonekera ku woyera, dzuwa likawala kumbuyo idzaoneka ngati chithunzithunzi. Kenaka pindani mlomowo ndi kuusokanso kachiwiri, kuti ulusi usamasuke pochapa.

Misoko yolumikiza mizere pa makatani awiriwa ndi 12, ndipo kutalika kwake konse ndi mamita 11 ndi pang'ono. Wa makina saona vuto. Wosoka pa manja asataye mtima, pakuti msoko wobwerera m'mbuyo umalimba ngati wa makina, ndipo misoko iwiri madzulo alionse imatha ntchitoyo pa sabata imodzi. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Amene akufuna kupita kwa telala wa pa khonde apite ndi zidutswa zodula kale ndi zogwirizitsa kale, ndipo agwirizane mtengo makina asanayambe kulira.

Mizere ikalumikizana, pindani m'mbali masentimita 2 kawiri ndi kusoka. Pamwamba pindani sentimita imodzi ndi theka, kenaka masentimita 7, ndi kusoka m'munsi mwake. Mpata umenewo ndiwo polowa ndodo. Nsungwi yowongoka, youma bwino ndi yopalidwa mfundo, yonenepa ngati mpini wa tsache, imagwira ntchito mofanana ndi ndodo ya m'sitolo. Mpendero wa pansi musafulumire nawo. Pachikani makatani masiku awiri kuti nsalu ikhazikike, onani ngati mizere ya kumanja ikukumana ndi ya kumanzere, ndipo pamenepo pindani masentimita 5 kawiri ndi kusoka.

NJIRA ZINA ZIWIRI

Amene ali ndi nsalu imodzi yokwanira, monga bafuta woyera, safunika kuidula. Pa zenera lathu lija afuna zidutswa ziwiri za masentimita 93 m'lifupi ndi 158 m'litali. Adule timalamba ta masentimita 12 kuchokera ku chitenje chotsala, apinde sentimita imodzi mbali zonse ziwiri, asite, ndi kutisokerera pamwamba pa bafutayo. Timalamba titatu cha m'munsi tokha timakwanira kusintha nsalu wamba kuti ioneke ya ulemu. Njira imeneyi ndiyo yotsika mtengo koposa, ndipo ndiyo yabwino kwa mwana amene akuyamba kumene kugwira singano.

Njira ina ndi ya utoto. Pamafunika tepi ya pepala imene amagwiritsa ntchito opaka penti, imene Richard Drew adaipanga ku America m'chaka cha 1925 pofuna kuthandiza opaka magalimoto a mitundu iwiri kuti malire a utoto aziwongoka. Yalani pulasitiki pansi, tambasulani nsalu yochapa ndi yosita, matani tepi motsata mizere ya choko, ndi kutsindira m'mphepete mwake ndi chikhadabo kuti utoto usalowe pansi. Gwiritsani ntchito utoto wopangidwira nsalu. Penti ya mafuta ya pa khoma imaumitsa nsalu ngati chikopa, nkusweka pochapa. Pakani ndi siponji, modinda, utoto wochepa nthawi imodzi. Mukathira wambiri udzayenderera. Matulani tepi utoto usanaumitsitse, siyani nsalu tsiku lathunthu, ndipo musite kumbuyo kwake monga mwa malangizo a pa botolo, kuti utoto ugwire. Koma dziwani kuti dzuwa limaonetsa paliponse pamene utoto udachepa. Yesani pa kansalu kotsala, mukayang'ane ku dzuwa, musanakhudze katani yeniyeni.

CHENJEZO

Nsalu yopachikika imayaka msanga kuposa yogona, pakuti moto umakwera ndipo mpweya umaifikira mbali zonse ziwiri. Thonje limayaka mofulumira. Poliyesitala amasungunuka ndi kumata pa khungu. Kandulo, koloboyi ndi mbaula zikhale kutali, mita imodzi kapena kupitirira, ndipo kumbukirani kuti mphepo imakankhira katani mkati. Kandulo isaikidwe konse pa zenera. Zenera la pafupi ndi pophikira likhale ndi katani yaifupi, kapena likhale lopanda. Zingwe zomangira makatani zikhale zazifupi ndi zokwezeka, posafikira mwana wokwawa.

Katani si ukonde wa udzudzu. Udzudzu umakonda kubisala usana m'makwinya a nsalu yakuda, chotero ikutumuleni m'mawa potsegula, ndipo banja lonse ligonebe m'masikito usiku uliwonse. Mazenera oloza kumadzulo amalandira dzuwa laukali, makamaka m'mwezi wa Okutobala, ndipo utoto umasuluka msanga. Kumeneko sokererani bedishiti yakale yoyera kumbuyo kwa katani, kuti dzuwa lizidya imeneyo. Ikatha, mudzangoisomola ndi kuika ina, mizere yanu ikadali yowala.

MAWU KWA MAKOLO NDI ACHINYAMATA

Pamene David Livingstone adafika m'chigwa cha Shire m'chaka cha 1859, adapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuomba nsalu zawo. Iwo ankayambira ku mbewu. Ife nsalu timaipeza yoomba kale, ndipo chotsalira ndi kuyeza ndi kusoka basi. Zikadakhala zachisoni ana athu akadakula akuganiza kuti chinthu chokongola chimachokera m'sitolo mokha, ndi kuti pochipeza n'kukongola ndalama.

Makolo, musagwire ntchitoyi nokha ana atagona. Mwana amene wawerengera yekha kuti mizere 7 ya masentimita 20 ikwana 140, naona ndi maso ake kuti yakwanadi pa zenera, waphunzira masamu amene sadzawaiwala. Akalakwa chidutswa chimodzi musamukalipire. Chidzakhala chomangira katani, kapena chophimbira mtsuko. Ndipo inu achinyamata amene mwatsiriza sukulu ndipo mukudikira ntchito, yang'anani mazenera a m'dera lanu, muwerenge amene ali ndi nyuzipepala kapena chitenje cha misomali. Amene wasoka bwino makatani a kwawo sasowa womufunsa kuti amusokere ake.

Yambani ndi zenera limodzi, la chipinda chogona ana aakazi kapena loyang'ana ku msewu. Likatha, tulukani panja madzulo nyali itayaka, muime pamene amaima odutsa, ndipo muone ngati mukuonabe za m'nyumba. Mukapeza mpata m'mbali, ndodo ndiyo yafupika. Mukaona zithunzithunzi za anthu, sokererani nsalu ina kumbuyo. Zikakhala bwino, pitani ku zenera lachiwiri.

Mwezi wamawa tidzakambirana za zidutswa zimene zidzatsale, ndi mmene tingazisandutsire zophimba mitsamiro. Musazitaye.